Foni yanga imapita ku Zambia osanditsanzika

Kuno ku Kachebere anthu timagona m'Malawi, koma mafoni athu amagona kumene afuna. Malire ali pafupi moti tambala akalira kuno, abale athu a mbali ya Zambia amadzuka nawo. Tsono netiweki sidziwa za malire. Nsanja ya eni ake ikakula mphamvu kuposa yathu, foni imangothawira konko, kenako pamabwera uthenga wondilandira ku Zambia, ine ndili khale pamphasa ndikukukuta chimanga chootcha.

Mu 2018, a MACRA atalamula kuti aliyense alembetse simukhadi yake, ndidaima pamzere padzuwa ndi chiphaso changa chaunzika. Ndimati basi, tsopano dziko lonse ladziwa kuti ndine wa +265. Foni yokha ndiyo idakana, mtima wake uli ku +260. Ikawoloka, bandulo yomwe ndagula imangokhala osagwira ntchito, mayunitsi n'kumatha ndisanamalize n'komwe kupereka moni.

Tsiku lina ndidalimba mtima, ndidakwera pachulu pomwe netiweki yathu imapezeka, n'kuimbira kampani. Mawu adati dinani 1, dinani 3, dinani 0. Kenako nyimbo. Adandiuza mobwereza kuti ndine kasitomala wofunika, mawu omwe ngakhale mayi a kunyumba sanandiuzepo. Ansembe a White Fathers adatsegula seminale kuno mu 1939, ndipo anyamata akhala akuphunziramo kupirira, koma ndikukayika ngati alipo adayesedwapo ndi nyimbo imeneyo.

Mapeto ake adayankha mtsikana waulemu wake.

"Pepani bambo, sisitemu ikuonetsa kuti munali pa roaming."

"Ayi mayi, ndinali pakhonde."

"Ndikutanthauza kuti munali kunja."

"Eya, kunja ndinalidi, m'nyumba munkatentha."

Adapumira m'mwamba. Kenako adati ndilowe mu settings, ndipeze network selection, ndichotse automatic ndiike manual. Ine kuti ndisaoneke mbuli ndimangoti "ehe, ehe, ndaona", chonsecho foni ili kukhutu, maso ali pa mbuzi yomwe inkadya chigwada cha apongozi. Atati ndizimitse foni ndi kuyatsanso, ndidamvera pompo. Mtsikanayo adapita nayo limodzi.

Nditaimbanso ndidapeza mnyamata. Ameneyu adati nkhani yanga aichita escalate, ndidikire maola 24 mpaka 48. Adandipatsa nambala yaitali yoti ndisunge, ndipo poti cholembera panalibe, ndidailemba pansi ndi kamtengo. Usiku mvula idagwa.

Wondipulumutsa adali mdzukulu wanga wa Sitandade 7. Adangotenga foni, kudina katatu, n'kuiuza kuti izigwira netiweki ya kwathu yokha, yachilendo izingoyiona. N'zomwezo ankanena mtsikana uja, kungoti mwanayu sadalankhule Chingerezi, ndipo adandilipiritsa mandasi awiri. Vuto n'lakuti tsopano yathuyo ikasowa, foni imangoti zii mpaka ndikakwere pachulu. Anzanga ochenjera amasunga masimukhadi awiri, ya kuno ndi ya ku Chipata, n'kumasintha malinga ndi mphepo.

Choncho inu amene ndili nanu ngongole, mukamva kuti nambala mwaimbayo sikupezeka, musathamangire kwa amfumu. Bwerani pachulu chakumadzulo, ndimakhala pomwepo.