Chala cha Mutombo ndi alandilodi anga

Alandilodi anga akweza lendi. Anafika Lamulungu m'mawa, Baibulo lili kukhwapa, n'kundiuza kuti kuyambira mwezi wamawa ndizipereka K85,000 m'malo mwa K60,000 chifukwa simenti yakwera. Ndinayang'ana khoma la nyumbayo, lomwe linalawa simenti komaliza nthawi ya Kamuzu, koma pakamwa panga panangotuluka mawu akuti, "Zikomo bwana, mukapemphere bwino."

Usiku wake mnyamata wanga, amene amandithera bandulo poonera basiketibolo pa foni, anandipeza ndagwira tsaya. "Adadi, taonani mwamuna uyu." Pa foniyo panali chimunthu cha ku Kinshasa, Dikembe Mutombo, chotalika mamita 2.18. Munthu ameneyu akanabwera kudzacheza kwathu akanalowa chokwawa. Malo ake anali pansi pa ringi, ngati GK wa ntchemberembaye, ndipo mdani akaponya mpira ankaubweza ndi chikhatho ngati akuingitsa ntchentche pa nsima. Akatero ankaimika chala cha mkombaphala n'kuchipukusa uku ndi uku pamaso pa mwana wa eni, kumuuza kuti m'nyumba mwanga muno ayi.

Anabweza mipira 3,289 pa zaka 18 zimene anasewera mu NBA. M'mabuku mwawo amene amamuposa ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Lagos, ndiye kuti ntchito yokaniza azungu zinthu tinaigawana Aafirika awiri. Kanayi konse anamusankha kukhala wotchinga kumbuyo wopambana onse. Koma ine manambalawo sanandikhudze. Chinandikhudza ndi chala. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda nacho chala chomwechi, koma ndimangochigwiritsa ntchito poimitsa minibasi ndi pokanda m'khutu.

Ndinayamba maphunziro pagalasi la kuchipinda. Chigongono chiime, nkhope ikhale ya munthu amene alibe ngongole, chala chipite kumanzere, chibwerere kumanja. Vuto langa loyamba ndi msinkhu. Ine ndikaima pamzere wa kubanki, wondilandira ndalama amayamba waona chipewa. Chala cha Mutombo chinkachokera kumwamba ngati chiweruzo, pomwe changa chimachokera pansi ngati cha mwana wa sitandade 2 amene akupempha kupita kuchimbudzi.

Ndinakachiyesa kumsika. Mayi wa tomato atatchula mtengo, ndinachiimika n'kuchipukusa. Iye anangoti, "Mulu umodzi eti, abambo?" n'kuyamba kuika m'jumbo. Ndinalipira. Kondakitala wa minibasi atati mtengo wasintha chifukwa cha mafuta, ndinachiimikanso, iye n'kukuwira dalaivala kuti, "Wotsika mmodzi!" Ndinayenda wapansi kuchokera pamenepo, chala chili m'thumba.

Mnyamata uja anandilimbitsa mtima kuti ngakhale mwiniwakeyo zinkamuvuta. Marefa anayamba kumupatsa chilango akapukusa chala pamaso pa mdani, ndiye anasintha n'kumachipukusira kwa anthu oonerera. Njira imeneyo ndinaimva msanga, chifukwa ndi imene ndakhala ndikuchita moyo wanga wonse: bwana akatembenuka, ndimauza nkhuku za pabwalo mmene ndikanamuyankhira.

Kunyumba sindinayese n'komwe. Mayi a ana ndi Mutombo wobadwa naye. Dzanja langa likangolunjika ku poto wa nyama, limabwezedwa lisanafike, ndipo iwo safuna chala, diso lokha limakwana. Akanakhala kuti wina amawerenga, Olajuwon akanatsika kalekale.

Pali chithunzi china cha mu 1994, pamene timu yake ya Denver, imene inalowa m'ndime ya mapeto ili pa nambala 8, inatulutsa Seattle imene inali pa nambala 1. Zimenezo zinali zisanachitikepo. Mutombo wagona chagada pabwalo, mpira waugwira ndi manja awiri pamwamba pa nkhope, akuseka ngati akulira. Chithunzicho ndimachidziwa bwino. Ndi mmene ndinagonera pamkeka tsiku limene ndinapeza paketi ya shuga, shuga atasowa m'tauni.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinandithetsa nthabwala. Munthuyu anapita ku yunivesite ya Georgetown ku America ndi cholinga chophunzira udokotala, mphunzitsi wa timu John Thompson n'kumuona kutalikako. Udokotala unapita, koma maganizo a chipatala sanachoke. Mayi ake, Biamba Marie, atamwalira ku Kinshasa, anamanga chipatala m'dzina lawo, chimene chinatsegulidwa mu 2007. Pa madola 29 miliyoni amene chinadya, 15 miliyoni anatulutsa m'thumba mwake. Ine chaka chatha ndinaperekeza mayi anga kuchipatala china. Tinafika kusanache, tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo titafika pawindo mnyamata wa mankhwala anangopukusa mutu n'kutilembera kapepala koti tikagule. Mayi anakapinda kapepalako n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Akuluakulu amene anayenera kuonetsetsa kuti pawindopo pali mankhwala, iwo akatsokomola amakwera ndege ya ku India kapena ku Johannesburg pa msonkho wa mayi omwewo. Wosewera mpira anakumbuka kwawo ndi ndalama za thukuta lake, pomwe anthu amene tinawavotera amakumbukira kwawo pa maliro ndi pa kampeni. Mutombo anamwalira pa 30 September 2024 ndi khansa ya mu ubongo ali ndi zaka 58, ndipo chipatala chija chikulandirabe odwala.

Basi, tibwerere ku chala, misozi si ntchito yanga.

Pa 1 mwezi uno alandilodi anagogoda. Ndinali nditakonzeka. Ndinavala nsapato za chidendene chachitali, ndinaima pa sitepe kuti ndionjezereko msinkhu, mnyamata wanga ali pawindo ndi foni kuti ajambule. Atangotambasula dzanja, ndinaimika chala, ndinachipukusa kumanzere, kumanja, n'kunena ndi mawu a kukhosi: "M'nyumba mwanga muno ayi."

Alandilodi anayang'ana chalacho, anayang'ana nyumba, n'kubwerera kwa ine.

"Mwati nyumba ya ndani, achimwene?"

Chala chinapitirira chokha mpaka kudenga. "Ndimati malata awa, bwana. Akudontha."

"Ndiye mukumwa madzi aulere," anatero akuwerenga ndalama ndi chala chonyowetsa malovu. "Mwachita bwino kundikumbutsa. Tidzaziona mwezi wamawa."