Giyabokosi ya kalole kanga

Nditagula kalole ka matani awiri kochokera ku Japan, kamene kanadzera ku Dar es Salaam, ndinkadziona ngati bizinesi ya transport ndaidziwa kale. Kankatuta kachewere ku Tsangano kupita naye ku Lizulu ndi ku Blantyre. Sindinaganizepo n'komwe kuti kuno kwathu kulibe fakitale ya galimoto, kuti kachitsulo kalikonse ka m'kati mwake kamawoloka nyanja ndi malire, ndiponso kamagulidwa ndi madola.

Giyabokosi inafa mu Okutobala 2023. Makanika wa pa boma anati, "Bwana, itanitsani lero lomwe." Ine n'kuti dikirani ndiyambe ndatolera ngongole kwa alimi, mtengo uthawira kuti? Pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndalama zomwe ndinatolerazo n'kuperewera.

Mayi a kunyumba anakandikongolera ku banki m'khonde. Order ndinapanga ndekha pa WhatsApp, ndinangojambula galimoto kutsogolo n'kutumiza, osafunsa munthu, ndipo nditadikira miyezi itatu katundu atafika ndinaitana anzanga kugalaja kuti adzaone kalole kakudzuka, koma makanika anatembenuza chitsulo chija uku ndi uku, kuyesa mabawuti osalowa, kenako anandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "Chassis number munawatumizira?" Nambalayo sindinkadziwa ngakhale pamene imalembedwa. Ndinangoti chilili, mafuta ali m'manja, maso pansi, anzanga akuchoka mmodzimmodzi osatsanzika. Kwa masabata awiri ndinkazemba msewu wa kugalaja.

Ndinasonkhanitsanso ndalama miyezi yambiri n'kuitanitsa ina ku Johannesburg, nambala ili yolondola. Koma ndinadalira njira imodzi yokha, yodzera ku Tete, osatchera khutu ku wayilesi kuti ku Mozambique kuli chisankho pa 9 Okutobala 2024. Zionetsero zitabuka magalimoto ankayenda mwa apo ndi apo, katundu wanga n'kudzafika mu Disembala, pamene dizilo anali wa pamzere, ine ndilibe ndi lita imodzi yomwe yosunga.

Alimi a ku Tsangano anali atapeza kale malole ena. Giyabokosi yolakwika ija ili m'chipinda chosungira chimanga, yofunditsidwa thumba, wogula sanapezeke. Lachinayi lililonse mayi a kunyumba amapita kukabweza ngongole pamaso pa amayi anzawo, ndipo akamamanga ndalamazo pansonga ya chitenje ndimalephera kuwayang'ana kumaso.