Za Munthu Amene Amapempha Chilolezo pa Kompyuta Yake Yomwe

Mwa anthu onse amene amagwiritsa ntchito kompyuta, gulu lalikulu ndi la eni makina amene anagula chipangizocho ndi ndalama za m'thumba mwawo, lisiti ali nalo, koma sadziwa kumene zinthu zawo zimakhala mkati mwake ndipo kawirikawiri amakanizidwa kuzikhudza. Munthu wa m'gulu limeneli, amene m'nkhani ino adzatchedwa mwinikompyuta wamba, ndipo mlembi wa danga lino ndi mmodzi wa mamembala ake okhazikika, amadziwika ndi madandaulo atatu: kusowa kwa fayilo imene waisunga posachedwa, kumanidwa chilolezo, ndi kukanika kuika pulogalamu yatsopano. Onse atatu amadandaulidwa ngati matenda a makina, ngakhale kuti makinawo amakhala atafunsa kaye asanachite chilichonse, ndipo mwini wake amakhala atayankha funsolo asanaliwerenge.

Fayilo ndi chinthu chilichonse chosungidwa mu kompyuta chokhala ndi dzina, kaya ndi kalata yofunsira ntchito, chithunzi kapena nyimbo, pamene foda ndi malo osonkhanitsiramo mafayilo, ndipo foda imatha kukhala mkati mwa foda inzake mpaka kutsika masitepe ambirimbiri. Pa Windows, mndandanda wa mafoda umenewu umayambira pa chilembo C, chifukwa zilembo A ndi B zinapatsidwa kale kwa timadisiki tofewa timene makompyuta ankagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1980, timene eni makina ambiri a masiku ano sanationepo. Pansi pa C pamakhala foda yotchedwa Users, ndipo mkati mwake mumayenera kukhala foda ya dzina la mwini wake, yokhala ndi Documents, Downloads, Desktop ndi zina. Koma popeza laputopu ya mwinikompyuta wamba nthawi zambiri imakhala yoti inagwirapo ntchito kwina isanafike m'manja mwake, foda imeneyi imakhala ndi dzina loti User, kapena Admin, kapena dzina la munthu wina wa kutsidya kwa nyanja amene sadziwa n'komwe kuti m'foda yake mukusungidwa mabuku a banki nkhonde.

Fayilo imasowa pa mphindi yeniyeni imene ikusungidwa. Munthu akamaliza kulemba n'kudina Save, pamatuluka kabokosi kamene pamwamba pake pamalembedwa foda imene fayiloyo ikupita, koma maso a mwinikompyuta wamba amathamangira pansi kumanja pamene pali batani, ndipo chala chimadina mutu usanafunsidwe maganizo. Kukacha, iye amatsegula Documents, sapezamo kanthu, n'kulengeza kwa a m'nyumba kuti kompyuta yadya ntchito yake, pamene ntchitoyo ili phee mu Downloads, pakati pa nyimbo za kwaya ndi fomu ya chaka chatha imene inatsitsidwa kasanu. Mankhwala amene iye amadzipezera ndi kusunga chilichonse pa Desktop, kumene kuli kuyala mafayilo onse pankhope pa sikirini, mpaka chithunzi cha mwana wake chimene anachiika kumbuyo chimangotsala khutu limodzi. Mayina a mafayilowo amafotokoza okha mbiri ya mwini wake: pali "lipoti", pali "lipoti final", pali "lipoti final yeniyeni", ndiponso "lipoti final yeniyeni yomaliza 2", ndipo imene imatumizidwa kwa bwana ndi yoyamba ija.

Pa Desktop pomwepo pamakhalanso tizizindikiro tokhala ndi kamuvi kopindika pakona, timene timatchedwa shortcut. Kachizindikiro kotere kamangoloza kumene fayilo yeniyeni ili, n'chifukwa chake kamalemera makilobayiti ochepa kwambiri ndipo kamakopedwa mwachangu modabwitsa. Mwinikompyuta wamba amakakopera pa fulashi, amayamikira liwiro la makina ake, amakwera minibasi mpaka kumalo opulintira, ndipo kumeneko mtsikana wa pakauntala amamuuza mwaulemu kuti wabweretsa njira yopita ku kalata koma kalatayo waisiya kunyumba. Fulashi yomweyo ikabwerera kuchokera kumalo oterewa imatha kubwera ndi vayirasi yodziwika bwino imene imabisa mafoda enieni n'kuika ma shortcut m'malo mwake. Mafayilo amakhala alipobe, anangopatsidwa chizindikiro chowabisa chimene chingachotsedwe ndi lamulo lotchedwa attrib, koma mwini wake amakhala atayamba kale kulandira mawu opepesa. Palinso tsoka la vidiyo ya ukwati imene imakana kulowa mu fulashi yopanda kanthu, zimene zimachitika chifukwa mafulashi ambiri amakonzedwa m'dongosolo la FAT32, limene sililandira fayilo imodzi yoposa magigabayiti 4 ngakhale malo atakhala ochuluka chotani. Kusintha dongosololo kukhala exFAT kapena NTFS kumathetsa vutoli, koma kufomata fulashiyo, kumene ndi njira yosinthira dongosololo, kumafufutanso zonse zimene zinali momwemo, ndipo mfundo yachiwiriyi imakumbukiridwa ntchito itatha.

Chimene chimawonjezera chisokonezo n'chakuti Windows, ikangoikidwa kumene, imabisa zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo, monga docx, pdf kapena exe, zimene zimasonyeza mtundu wa fayiloyo. Kubisa kumeneku kunathandiza kwambiri vayirasi ya ILOVEYOU imene inachokera ku Philippines mu Meyi 2000, chifukwa fayilo yake inkaoneka ngati kalata yachikondi pamene kwenikweni inali pulogalamu, ndipo anthu mamiliyoni, kuphatikizapo a m'maofesi akuluakulu a boma, anaitsegula ndi mtima wonse. Mwinikompyuta wamba akamva mbiri imeneyi amaseka anthu a nthawi imeneyo, kenako amatsegula fayilo yomulonjeza ntchito kunja.

Dandaulo lachiwiri, la chilolezo, ndi limene limapweteka ulemu wa munthu. Njira imodzi yodziwika kwambiri yoperekera zilolezo inachokera mu Unix, dongosolo loyendetsera kompyuta limene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs, ku America, mu 1969, pa nthawi imene makina amodzi ankagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo ndipo panafunika njira yoti wina asafufute ntchito ya mnzake. M'dongosolo limeneli fayilo iliyonse imazindikira anthu a mitundu itatu, amene ndi mwini wake, gulu lake, ndi wina aliyense, ndipo aliyense wa iwo angapatsidwe mphamvu zitatu: yowerenga, imene nambala yake ndi 4, yolemba kapena kusintha, imene ndi 2, ndi yoyendetsa fayiloyo ngati pulogalamu, imene ndi 1. Manambalawa akaphatikizidwa amapereka chilolezo chonse, kotero kuti 644 imatanthauza kuti mwini angawerenge ndi kusintha pamene ena onse angowerenga, ndipo 755 imalola ena kuyendetsa pulogalamu popanda kuisintha. Linux, imene Linus Torvalds anayambitsa ku Helsinki mu 1991, inatengera dongosolo lomweli, ndipo macOS ya Apple ilinso nalo.

Mwinikompyuta wamba amene walimba mtima n'kuika Linux amaphunzira nambala imodzi yokha mwa manambala onsewa, imene ndi 777. Nambala imeneyi, ikalembedwa pamodzi ndi lamulo losinthira zilolezo lotchedwa chmod, imapereka mphamvu zonse kwa wina aliyense, ndipo popeza uthenga wokaniza umasiyadi kuoneka, iye amaiona ngati mankhwala a matenda onse n'kumailangizanso kwa anzake. Amaphunziranso mawu akuti sudo, amene amabwereketsa munthu mphamvu za root, ndiye kuti akaunti yaikulu imene siikanizidwa kanthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayamba nawo lamulo lililonse ngati moni. Kwa zaka zambiri, munthu wosaloledwa akayesa sudo ankalandira chenjezo lakuti mlandu wakewo ukanenedwa, ndipo pa kompyuta ya m'nyumba mlanduwo unkakanenedwa kwa woyang'anira makina, amene ndi wopalamula yemweyo atakhala pampando womwewo, thukuta lili kamukamu.

Pa Windows nkhani ya chilolezo inafika pamaso pa anthu wamba ndi Windows Vista, imene inayamba kugulitsidwa kwa aliyense mu Januwale 2007 ndipo inabweretsa chotchedwa User Account Control. Pulogalamu ikafuna kusintha zinthu zikuluzikulu, sikirini yonse imada, n'kutsala kabokosi kamodzi kofunsa ngati munthu akuvomereza, ndipo kamatchulanso dzina la pulogalamuyo ndi la amene anaipanga kuti mwini makina aganize kaye. Mwinikompyuta wamba sanadinepo No chibadwire, chifukwa analeredwa kuti kukana munthu amene wapempha mwaulemu ndi mwano. Chimene chimamuzunguza mutu n'chakuti ngakhale akaunti yake ili ya administrator, ndiye kuti ya woyang'anira, tsiku lina akafuna kufufuta foda amauzidwa kuti apemphe kaye chilolezo kwa TrustedInstaller. Ameneyu si munthu, ndi gawo la Windows limene linapatsidwa umwini wa mafayilo oyendetsa makina, koma mwinikompyuta amayamba kukayikira mlamu wake amene anabwereka laputopu mwezi watha. Pa nthawi imeneyi iye amafanana ndi munthu amene anaumba yekha njerwa, kuotcha, kumanga nyumba n'kufolera, koma akafuna kulowa kuchipinda amayamba waodira, n'kuyankhidwa kuchokera mkati kuti eni ake atalikira.

Komabe chilungamo chimafuna kuti zolinga za munthu wokanizidwayu ziunikidwe. Iye amafika pa foda yoletsedwayo chifukwa disiki yadzaza, ndipo m'malo mochotsa mafilimu amene anawaonera kale, amalowa mu foda ya Windows n'kupeza ina yotchedwa System32, yodzaza mafayilo a mayina achilendo amene iye sakumbukira kuti anawasungapo. Mfundo imene amayendera ndi yakuti chimene sachidziwa n'chosafunika. Mafayilo amenewo ndi amene amachititsa kuti kompyuta iyake m'mawa, kotero kuti uthenga wa Access denied, umene iye amaumva ngati chipongwe, ndi umene umakhala utapulumutsa mabuku a banki nkhonde aja.

Dandaulo lachitatu, la kuika pulogalamu, lili ndi mwambo wake wodziwika, umene ndi kudina Next katatu kapena kanayi, kuvomereza pangano la masamba ambiri limene silinawerengedwe, n'kumaliza ndi Finish. Pakati pa mabatani amenewa pamakhala funso lakuti pulogalamu iikidwe mu foda iti, ndiponso nthawi zina kabokosi kochongedwa kale kovomereza pulogalamu ina imene munthu sanaipemphe. Windows ya mabiti 64 imakhala ndi mafoda awiri a Program Files, ndipo imene ili ndi x86 kumapeto kwa dzina imasunga mapulogalamu a mabiti 32, koma mwinikompyuta wamba amaona ngati imodzi inabwerezedwa molakwika ndipo amaganiza zoichotsa. Akasirira pulogalamu ya mnzake, amakopera foda yake yonse pa fulashi n'kudabwa kuti kunyumba ikukana kuyaka, posadziwa kuti pulogalamu ikamaikidwa imalembetsanso zinthu zina mu Registry, kaundula wamkati wa Windows, ndi kumwaza mafayilo ena m'mafoda obisika monga AppData. Wa makina a Apple naye ali ndi mtanda wake, chifukwa pulogalamu nthawi zambiri imabwera mu fayilo ya dmg ndipo imayenera kukokeredwa mu foda ya Applications, koma iye amaiyendetsa ili momwemo kwa miyezi, ndipo chitetezo chotchedwa Gatekeeper, chimene chinabwera mu 2012, chikaitsekereza, amafufuza njira yozimitsira chitetezocho osati chifukwa chimene chaitsekerezera. Pamwamba pa zonsezi pali nthawi imene Windows ikudzikonza yokha n'kulemba pa sikirini kuti kompyuta isazimitsidwe, uthenga umene magetsi a kuno sadziwa kuwerenga.

Njira zothetsera mavutowa zimatsatana mwadongosolo losasintha. Yoyamba ndi kudinanso batani lomwelo mwamphamvu, yachiwiri ndi kuzimitsa makina n'kuwayatsanso, imene mochititsa manyazi imathandizadi nthawi zambiri, ndipo yachitatu ndi kuitana mwana wa Fomu 2 amene amathetsa vutolo m'mphindi imodzi osafotokoza kanthu, kenako n'kuimbidwa mlandu wa vuto lililonse lotsatira. Yachinayi ndi kunyamula makina kupita kwa anyamata okonza makompyuta m'tauni, amene amamvetsera dandaulo lonse modekha n'kupereka chigamulo chakuti kompyutayo ingofomatidwa. Iwo amafunsa ngati zofunika zonse zinasungidwa kwina, ndipo mwinikompyuta wamba, pokhulupirika ku chikhalidwe chake, amavomera.

Njira yeniyeni ndi yaifupi kuposa zonsezi ndipo siilira bandulo. Munthu amawerenga uthenga wa vutolo mpaka kumapeto, amayang'ana foda yolembedwa pamwamba pa kabokosi asanadine Save, amayatsa zilembo zakumapeto kwa mayina a mafayilo kudzera pa View, amadina batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties kuti aone kumene fayilo ili ndi amene ali ndi chilolezo pa iyo, ndipo amasunga kope lachiwiri la zinthu zofunika pa disiki ina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanaganizire za munthu amene amachita kufunsidwa, m'zilembo zooneka bwino, ndi mabatani awiri oti asankhepo, n'kudyabe phulalo. Mlembi wa danga lino amaidziwa bwino njira yonseyi ndipo amaiphunzitsa kwa aliyense amene angamvetsere, ngakhale kuti mkonzi wa nyuzipepala ino ali ndi ufulu wonena kuti nkhani ya mlungu uno inafika pa desiki yake kawiri, ndipo ulendo woyamba inali ndi kamuvi pakona.