Malovu anga anakwera ndege

M'banja mwathu monse, woyamba kukwera ndege ndi malovu anga. Mwini wakene pasipoti ndilibe, ndipo ulendo wautali umene ndinayendapo ndi wa kumaliro ku Mchinji. Koma malovu anafika mpaka ku America, ndipo nkhani zimene anabwera nazo zandigwetsa ulemu pamsika wa Lachiwiri ku Dzaleka, kumene ndimagulitsa matimati ndi anyezi.

Anayambitsa ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera pa Khirisimasi anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kunena kuti, "Malume, lavulirani umu, akatswiri a DNA akuuzeni kumene munachokera." Ine munthu amene ndinakula ndikukwirira tsitsi ndikameta kuopa afiti, lero nditumize malovu kwa anthu osawadziwa, dzina langa litalembedwa pamwamba? Koma atanditchulira ndalama zimene analipira, ndinawerengera matumba a feteleza mumtima, ndipo ndinalavula. Kudzaza kabotolo kaja si masewera. Kukamwa kunauma gwa, mpaka mwanayo anachita kudula ndimu pamaso panga kuti malovu abwere.

Ndinali ndi zifukwa ziwiri zoyembekezera zabwino. Agogo ankati mwa ife muli magazi a Angoni a kwa Chiwere, a gulu lija la Zwangendaba limene linawoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litada masanasana. Ndiye ndinkafuna pepala lotsimikiza kuti wogulitsa anyeziyu ndi mdzukulu wa ankhondo. Chifukwa china n'chakuti pamsika paja mawu oti "ife eni nthaka" sankachoka pakamwa panga. Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, mu 1994 n'kusanduka kampu ya othawa kwawo, ndipo malo amene anakonzera anthu pafupifupi 12,000 lero ali ndi anthu opitirira 50,000. Boma litalamula mu 2023 kuti othawa kwawo onse amene anali m'matauni abwerere kukampu, ine ndinali pabenchi kugwedeza mutu movomereza, kwinaku ndikuwerenga ndalama zimene anthu omwewo andigula nazo matimati.

Zotsatira zinabwera pafoni, mapu opaka mitundumitundu. Utoto waukulu unaphimba Congo n'kukwera mpaka ku Cameroon. Ndinakulitsa mapuwo ndi zala kufunafuna Dowa, osaiona. Mponela ayi, Mvera ayi, phiri la Ntchisi ndiye musanene. Za Azulu, ngakhale nthenga imodzi.

Mwana uja anandifotokozera kuti makinawo agogo anga sawadziwa. Amawerenga timalo masauzande mazanamazana pa DNA ya munthu, n'kufanizira ndi DNA ya anthu amoyo lero amene kampaniyo ili nawo kale m'kaundula. Zili ngati mayi amene mwamupatsa lichero la nyemba zosakanikirana kuti asankhule: mukamuuza milu itatu apanga itatu, mukati isanu apanga isanu, ndipo nyemba imene alibe mulu wake aiponya pamulu umene ikufananako. Azungu m'kaundulamo adzaza, koma Amalawi ndi owerengeka, ndiye Mchewa wa ku Dowa amangomuponya pamulu wapafupi. Akawonjezera anthu m'kaundula, zotsatira zimasinthanso. Munthu ukhoza kugona uli wa ku Congo, kudzuka uli wa ku Mozambique, osasuntha pamphasa.

Izi zinandilimbitsa mtima pang'ono, mpaka nkhani inafika kwa mnzanga telala wa ku Lubumbashi amene amasoka pafupi ndi benchi langa. Anaseka mpaka kusiya kupalasa makina. "Papa Matimati, munafunikira kulipira ndalama kuti mumve zimenezi? Akuluakulu anu omwe amanena kuti Achewa anachokera ku Uluba, ku Katanga, kwathu. Chaka chilichonse amakakumbutsana ku Kulamba kwa Gawa Undi. Inu munangolawirira, ife tinachedwa kunyamuka." Mphunzitsi wina amene ankasoketsa thalauza anathira mchere pabala: akuti tonse olankhula zinenero zofananazi makolo athu ananyamuka kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo.

Ndinathawira kwa Akafula. Ndine wamfupi, moti pa basikolo ndimakwera ndi mwala, ndiye ndinati mwina magazi a eni dziko enieni, aja anajambula m'mapanga a ku Chongoni, ali mwa ine. Mphunzitsi uja anandimaliza. Mu 2017 akatswiri, pakati pawo Jessica Thompson ndi David Reich, anafalitsa zimene anapeza atayeza mafupa akale a kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere ku Dedza. Ena a ku Hora ndi a zaka pafupifupi 8,100. Atafanizira ndi Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni a lero, anapeza kuti alenje akalewo sanasiye kanthu kooneka m'magazi mwathu. Anthu anakhala m'dziko muno zaka masauzande ambiri, ife obwera n'kudzaza malo onse. Ufupi wangawu ndi wangawanga, ndipo mwina gwero lake ndi phala lopanda nsinjiro.

Mngoni wa agogo uja sindinamutaye konse. Mukabwerera mibadwo 10 mmbuyo, munthu amakhala ndi makolo 1,024 papepala, ndipo ambiri a iwo sakusiyira ngakhale kachidutswa ka DNA, poti mbadwo uliwonse umangopereka theka. Komanso Angoni ankatola anthu njira yonse, Ansenga, Atonga, Achewa amene, n'kuwapatsa chishango. N'kutheka kuti kholo langa lankhondo linali lonyamula miphika kumbuyo kwa gulu. Agogo mbali imeneyo sankaitchula.

Telala uja tsopano amanditcha m'bale wake, ndipo amatenga matimati pangongole, akuti pachibale sitiwerengerana. Nditapempha kuti andisokere zigamba mwaulere pachibale chomwecho, anati ulusi ndi wa ku China, si wachibale.

Koma amene wapindula kwambiri ndi mayi a kunyumba. Anamva mwana uja akunena kuti pali DNA ina imene imayenda mwa amayi okhaokha, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana, bambo osaponyapo kanthu, ndi ina imene bambo amapatsira ana aamuna okha. Ife ana athu onse ndi aakazi. Usiku womwewo anandiuza kuti azungu angotsimikiza zimene mwini mbumba, mchimwene wawo, wakhala akunena chikwatirane, ndipo popeza ndine mkamwini wochokera ku Congo, ndiyambe kupempha ndisanatenge nkhuku m'khola.