Adokotala a Mbewu pa Sikelo

Mu Lilongwe mpando sapereka asanakuyeze. Amayamba ndi nsapato, kenaka makiyi a galimoto, kenaka kafunso kaulemu koti mumakhala Area chani. Njirayi imagwira pa aliyense, kupatula bambo ena amene anthu amangowatchula kuti Adokotala a mbewu.

Ntchito yawo ndi yoteteza mitundu ya zomera kuti isathe. Amayenda m'midzi kutolera nzama, mawere, mapira ndi chimanga cha makolo, n'kumafufuza DNA yake kuti adziwe ngati nzama za ku Mzimba ndi za ku Ntchisi zilidi pachibale kapena zangofanana khungu. Anthu a ntchito yotereyi alipodi. Nkhokwe yawo ili ku Chitedze, msewu wa ku Mchinji, komwe kuyambira 1992 kuli Malawi Plant Genetic Resources Centre. Kumeneko mbewu amaziumitsa, n'kuzimata m'timapaketi tosalowa mpweya, n'kuzigoneka m'mafiriji ozizira koopsa. Zina amazitumiza ku Chalimbana, kufupi ndi Lusaka, ku nkhokwe ya mayiko a SADC, kuti tsoka likagwa kuno mtundu usathere pomwepo. Ntchitoyi ikayenda bwino, palibe chimene chimaoneka. Mbewu imangokhala ilipo, basi. Ndiye munthu wotere mumuyeza bwanji?

Ophunzira a kunja anapeza kale sikelo yawo. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa physics wa ku California, anayambitsa h-index. Mukakhala ndi mapepala 9 ndipo lililonse anzanu alitchula ka 9 kapena kuposa, nambala yanu ndi 9. Google Scholar imakuwerengerani ulere, ndipo Adokotala amaiona m'mawa uliwonse asanafunse n'komwe mmene amayi adzukira. Nambalayi siyifunsa ngati wokutchulaniyo amakuyamikani kapena amakutsutsani. Wokunenani kuti munalakwitsa samu nayenso wakukwezani. Siyifunsanso kuti ofufuza za khansa alipo masauzande pomwe ofufuza za nzama angathe kukwana mu minibasi imodzi, kondakitala n'kumaitanirabe. Choncho anthu a nzama anachita chimene Mmalawi aliyense amachita malipiro akachepa: anayambitsa chipereganyu. Mwezi uno nditchuleni, mwezi wa mawa ndikutchulani. Mu 2012 asayansi ena anakumana ku San Francisco n'kugwirizana zoleka kuyeza munthu potengera kutchuka kwa magazini imene walembamo. Uthengawu mpaka lero uli m'njira.

Ku City Centre sikelo yake ndi ina. Opereka thandizo akafuna kudziwa impact, amaitanitsa msonkhano pa hotela, poti pansi pa mtengo palibe risiti. Pulogalamu imati 8 koloko, mlendo wolemekezeka amafika anthu atamwa kale tiyi kawiri. Woyendetsa mwambo amatchula maudindo onse mmodzimmodzi, kuopa kuti wina angaiwalike n'kukwiya mpaka chaka chamawa. Nthawi ya Adokotala ikakwana, amawanong'oneza kuti afupikitse chifukwa nkhomaliro yapsa.

Tsiku lina pamsonkhano wotere anasankha kulankhula za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko umene Kamuzu Banda anaupatsa ulemuwo mu 1984, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Anakumbutsa anthu kuti kalembera wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiri lonse. Anafotokoza kuti kubzala mbande zambiri sikokwanira ngati zonse zachokera kwa makolo ochepa, chifukwa matenda kapena chilala chimene chingagwetse umodzi chidzagwetsa yonse. Apa m'pamene pali ntchito yawo: kudziwa kuti njere iyi ndi ya banja liti, ndi kusakaniza mabanjawo mwanzeru.

Bwana wina wa tayi yofiira anakweza dzanja.

“Adokotala, tamva ndithu, ndipo zatikhudza. Koma mtengowo ungakule pofika kumapeto a kotala ino? Lipoti lathu limapita miyezi itatu iliyonse.”

“Bwana, mkungudza umatenga zaka makumimakumi.”

“Ndiye tilemba kuti zili mkati.”

Zoyezeka zinalembedwa bwinobwino: anthu amene anabwera, amuna angati, akazi angati, achinyamata angati, malaya osindikiza angati, zitenje zingati. Mzere wosainira alawansi ndi umene unasonyeza chidwi chenicheni pa zachilengedwe, chifukwa panaoneka ngakhale nkhope zimene m'holo simunali. Panja mlendo wolemekezeka anabzala kamtengo ndi khasu latsopano lomanga riboni, nathirira madzi mpaka wojambula atakhutira. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kukafika pa 15 April, koma nyengo yokaona ngati mitengoyo ikadali moyo mu October sinakhazikitsidwe. Potseka mwambo, mlendoyo anapatsidwa mphatso yogulidwa kwa oziboliboli a ku Old Town: kabokosi kosema bwino, konunkhira. Adokotala anakanunkhiza ali patali, nazindikira mtengo wake, nawomba nawo m'manja poti aliyense amawomba.

Fomu ya opereka thandizo inali ndi ndime yofunsa amene apindula. Adokotala anafuna kulemba zoona, kuti opindula enieni ndi alimi amene adzafune mapira opirira chilala zaka 50 zikubwerazi, ndipo ambiri sanabadwe. Koma ndimeyo imafuna dzina, nambala ya foni ndi siginecha. Mlembi wa mu ofesi, mayi wodziwa mmene dziko limayendera, anangomata pamenepo mndandanda wa ku hotela uja.

Loweruka kunali kuotcha nyama kwa alamu awo ku Area 43, kuseri kwa mpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Pabwalopo kale panali masuku ndi miwanga, koma anaidula kuti kapinga apeze dzuwa. Bonongwe akamera yekha, mnyamata wa m'maluwa amamuzula ngati tchire, ndipo madamu amatuma mnyamata yemweyo kukagula bonongwe pamsewu chifukwa achipatala anawauza kuti BP yawo ikufuna zakudya zamakolo. Alendo onse anadandaula kwambiri za kutha kwa nkhalango ya Dzalanyama, atazungulira mbaula ya makala amene anafika m'mamawa pa njinga, kudzera geti lakumbuyo.

“Alamu, tiuzeni zoona,” anatero mwini nyumba akutembenuza nyama. “Sukulu yonse ija, mpaka PhD. Poloti munagula kuti?”

Adokotala anayamba kufotokoza za h-index. Palibe anamva. Anatchula za mafiriji, wina n'kufunsa ngati mumalowa mabotolo. Zinthu zinasintha atanena kuti mu February 2025 mbewu za ku Malawi, kuphatikizapo kalongonda, zinakasungidwa ku Svalbard, nkhokwe yokumbidwa m'phiri lozizira koopsa ku Norway, imene inatsegulidwa mu 2008. Apo mipando inasendera pafupi. Norway! Mwakhalako masiku angati? Alawansi yake inali ya madola? Atayankha kuti iwo sanapite nawo, zinapita ndi mbewu zokha, bwalo linakhala chete pang'ono. Kalongonda, nyemba ya nthawi ya njala imene umaiphika tsiku lonse uku ukutaya madzi kuti isakuledzeretse, wakwera ndege kukafika ku Ulaya wopanda visa, mwini PhD ali pompano. Alamu anawapatsa chiwalo cha nkhuku mwachisoni, n'kuwalangiza kuti ayesere bizinesi ya matayala.

Ine ndimati sikelo yoopsa kuposa zonsezi ili ku Old Town, mumsika, kutsika kuchokera mu Malangalanga. Kumeneko kuli mayi wina wogulitsa nyemba amene Adokotala amakonda kukachezera akafuna mitundu yachilendo. Mayiyu sasowa makina kuti asiyanitse nzama. Amadziwa kuti izi zimapsa msanga, izi zimafuna nkhuni zambiri, izi anthu a ku Dedza amazilimbirana, izi zinasowa kuyambira chaka cha njala ya 2002 ndipo akuzifunafuna mpaka lero.

“Zimenezo mwina zilipo kwathu, amayi. M'firiji.”

“M'firiji? Nanga ine ndikazifuna ndidzere khomo liti?”

Adokotala anafotokoza kuti pali ndondomeko yake, munthu amalemba kalata. Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

“Chaka chatha munandifunsa mafunso tsiku lonse, makasitomala akudutsa. Munalemba buku lanu lija?”

“Ndinalemba, amayi. Linatuluka kunja. Anthu alitchula kale kanayi.”

“Ine mwanditchula?”

Anawatchuladi. Kumapeto kwenikweni, m'timalemba ting'onoting'ono, muli mawu othokoza alimi ndi amalonda a m'deralo. Mayi anafunsa ngati amalonda a m'deralowo ali ndi dzina. Adokotala anati malamulo a kafukufuku salola kuulula mayina a ofunsidwa, n'cholinga chowateteza.

“Kunditeteza kwa ndani, bambo? Ine ndimakhala pano kuyambira m'mawa kuti anthu andidziwe.”

Pofuna kuthetsa nkhani, Adokotala anapempha kapu ziwiri za nzama zofiira. Mayi anatunga, nasalaza pamwamba ndi chala, chinthu chimene kasitomala wamba samuchitira, n'kutchula mtengo wokwererako. Adokotala anadandaula kuti mtsikana amene wangochoka kumene walipira zochepa, ndipo anamuikira basela.

“Uja sanavale malaya a msonkhano,” anatero mayi akuwerenga chenji. “Inu mwasaina kale kwinakwake.”