Akuti chidole n'chidole basi

Nkhaniyi tonse taikanganapo kale, m'minibasi, ku saluni, ngakhale pa bawo pamene abambo amati sakamba za ana. Ena akuti mafilimu a masiku ano adzaza ndi akazi omenya nkhondo, moti mwamuna wangotsala wonyamula chikwama. Ena akulumbira kuti limenelo ndi bodza lamkunkhuniza: lowani m'kanyumba koonetsa mafilimu kuseri kwa msika, mukapeza Rambo ndi Jet Li akuthyolabe anthu makosi, mkazi ntchito yake ili yokuwa kuti amupulumutse. Mbali zonse zikulankhula ngati zinaonera mafilimu onse a pa dziko lapansi, chonsecho ambirife timagona filimu isanafike pakati.

Gulu lotisangalatsa kwambiri ndi la anthu amene amati chidole n'chidole basi, tisachilowetse ndale. Mawu anzeru ndithu. Koma anthu omwewa ndi amene amathamangira kukalanda mwana wamkazi galimoto yamawaya, amvekere, "Zimenezo n'za anyamata, pita ukachite masanje." Mnyamata akangoyerekeza kubereka chidole cha chitsononkho kumbuyo, mudzi wonse umaima, agogo mpaka kuyamba kukamba zoitana abusa. Nanga ngati chidole chilibe kanthu, phokoso lonseli n'lachiyani?

Ndiye pali akatswiri a zamalonda a pakhonde la golosale, amene amatsimikiza kuti filimu ya akazi siyenda malonda. Apa tiimbe wezulo. Filimu ya Barbie, imene anaitsogolera mayi Greta Gerwig mu 2023, inapeza ndalama zoposa madola 1.4 biliyoni, kuposa filimu ina iliyonse chaka chimenecho. Ndipo funsani ana amene anaonera Black Panther ya 2018 zomwe amakumbukira. Ambiri angakuuzeni za asilikali achikazi ometa mpala, onyamula mikondo, mkulu wawo ali Danai Gurira, yemwe anakulira ku Harare.

Choseketsa n'chakuti eni mafakitale a zidole nawonso ankaganiza ngati anzathu a pakhonde aja. Mu filimu ya Star Wars ya 2015, ngwazi yake inali mtsikana, Rey. Koma kampani ya Hasbro itatulutsa masewera a Monopoly a filimuyi, munali tizidole tinayi, tonse tachimuna, Rey osaonekamo. Anthu atakwiya, kampani inati sinkafuna kuulula nkhani ya filimuyo, kenaka inalonjeza kumuikamo. Chaka chomwecho, mu Avengers: Age of Ultron, amene anatuluka m'ndege atakwera njinga yamoto anali mkazi, Black Widow. Chidole cha njingayo chitafika m'sitolo, pachishalo panali Captain America. Ena akuti kunali kuiwala chabe. Kuiwala kwake n'kodabwitsa, kumangogwera mbali imodzi.

Palinso amene akuti chidole cha Barbie chomwecho ndicho vuto: chiyambire 1959, chiuno ngati cha mavu, tsitsi lofika m'matako. Awa ali nayo mfundo. Tonse timazidziwa zidole za pa kaunjika, zoyera khungu, maso obiriwira, mwendo umodzi unatsala ku Ulaya. Mwana amachibereka m'kachitenje, kuchiphikira nsima yadothi, kuchipesa tsiku lonse. Ena amati mwana saona khungu. Mwina. Koma mwana yemweyo ndi amene amadzafunsa amayi ake chifukwa chake tsitsi lake silitsetsereka ngati la "mwana" wakeyo.

Amene amati izi n'zachizungu, ife sizitikhudza, sanamve za Supa Team 4, katuni imene anaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, n'kuyamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023: atsikana anayi a sukulu ku Lusaka, akulimbana ndi zigawenga kwinaku homuweki ikuwadikira. Ena ayankha kuti bandulo yoonera zimenezo ndi yodula, ndipo pamenepo palibe wowatsutsa.

Chigamulo chathu n'chakuti amene amati chidole n'chidole aluza mlandu, ndipo umboni anaupereka okha tsiku lomwe analanda galimoto yamawaya ija. Tsono mukadzapita pamsika ndi mwana wanu wamkazi, mufunseni kaye chomwe akufuna. Akaloza ndege, mugulireni ndegeyo. Mapoto alipo kale kunyumba.