Kaundula wa K650 imene tinapulumutsa pa sitata

Buku la ndalama za pakhomo, Chamboli, Kitwe. Tsamba la galimoto, Juni mpaka Ogasiti 2024. Wolemba ndine mayi wa pakhomo pano. Galimoto yake ndi Toyota Corolla ya magiya a pamanja, yolowera pa Nakonde, imene bambo a ana anagula ndi ndalama zowatsanzikira ku mgodi mu 2015. Imatidyetsa ponyamula anthu pakati pa Chamboli, Wusakile ndi m'tauni.

3 Juni. Sitata yafa. Mitengo inali iwiri. Yochotsa pa galimoto ina ya ku Japan, yakuda ndi mafuta: K1,600. Yatsopano, yonyezimira, ya m'katoni yolembedwa mayina a magalimoto okwana khumi ndi awiri: K950. Bambo anasankha ya m'katoni, ati chinthu chokwanira magalimoto onsewo sichingakanike pa imodzi yathuyi. Anandiuza kuti ndilembe ndi cholembera chofiira kuti tapulumutsa K650. Ndalemba.

Tsiku lomwelo. Kumanga sitata: ulere, anamanga alamu anga. Nkhuku imene alamu anadya atamanga: K140.

4 Juni. Galimoto yalira. Isanalire inayamba yakukuta ngati chigayo chimene chameza mwala. Alamu ati mano atsopano ndi akale akudziwana kaye. K0.

10 mpaka 28 Juni. Manowo sanadziwane. Masiku ena ukapotokola kiyi imalira, masiku ena sitata imangozungulira yokha, fwiii, injini ili duu. Anyamata atatu a pa kantemba, okankha galimoto m'mawa: K5 aliyense, masiku 14, K210. Ine ndinakankha kanayi, sindinalipidwe. Galimoto tsopano imagona itayang'ana kumunsi kotsetsereka, ngati mbuzi yodziwa njira yothawira.

15 Juni. Batire yatsopano: K1,350. Anatilangiza ndi aneba athu Achibemba, amene alibe galimoto. Batire yakale inali yabwinobwino. Titawauza zimenezi anayankha kuti anthu odya mbewa sayenera kupatsidwa makina. Ndinawakumbutsa za odya anyani. Chimbuya, kunyozana kwa nthabwala kwa ife ndi Abemba, sichilipiritsa, K0.

1 Julayi, tchuthi cha Heroes' Day. Ulendo wa ku Trade Fair ku Ndola, anthu anayi ovala bwino. Msonkho wa pa geti ya Michael Chilufya Sata, kupita ndi kubwera: K40. Pobwerera injini inazima pa geti pomwepo, pamzere, kumbuyo kuli mathiraki. Okwerawo anatsika nakankha, mmodzi wa iwo ali pa nsapato zazitali zidendene. Zobwezera okwera: K200.

3 Julayi. Minibasi kupita m'tauni ndi kubwera, sitata ili m'thumba la ufa: K30. Wogulitsa anatisonyeza timalemba tam'munsi mwa lisiti, toti za magetsi zikatuluka pakhomo sizibwerera. Anawonjeza kuti aliyense amene anagula sitatayo sanabwerenso kudzadandaula. Bambo anamva ngati chitamando.

5 Julayi. Makaniko weniweni, kuyang'ana chabe: K100. Pano ndilemba motalikirako, chifukwa pa ndalama zonse za m'tsamba lino imeneyi yokha ndiyo inabwera ndi nzeru. Analowetsa tochi ya foni pabowo pamene pamakhala sitata, mnyamata wake akutembenuza injini pang'onopang'ono ndi sipanala, ndipo anandiitana: "Ba mayo, bwerani muone nokha, chifukwa buku mumasunga ndinu." Kumbuyo kwa injini kuli chimbale cholemera chotchedwa flywheel, ndipo m'mphepete mwake mwavekedwa mkombero wachitsulo wa mano, ring gear. Ukapotokola kiyi, kagiya kakang'ono ka sitata kamatumphuka, kamalowa m'mano a mkomberowo, kamazungulitsa injini, kenako kamabwerera. Kagiya ka sitata ya m'katoni sikamalowa mpaka kufika, kamangogwira nsonga, ndipo kukula kwa mano ake sikumagwirizana ndi kwa mkombero. M'mawa uliwonse kamasenga pang'ono. Injini ya masilinda anayi ikazima imakonda kuima pa malo awiri omwewomwewo, choncho mano amene amalandira nkhonya tsiku ndi tsiku ndi omwewo. Ndinaona ndi maso anga: mkombero wonse mano ali bwino, koma pawiri pali magweru ngati m'kamwa mwa agogo. N'chifukwa chake masiku ena imalira. Zimatengera pamene injini yagonera dzulo lake.

Ndinafunsa mtengo wa mano okhawo othothokawo. Makaniko anati sagulitsa mano, si chipatala.

8 Julayi. Kutsitsa giyabokosi ndi kuibwezera: K1,200. Mkomberowo sufikirika mwanjira ina. Chitsulo cha mtengo wa matumba awiri a ufa chimabisala kuseri kwa ntchito ya masiku awiri.

9 Julayi. Ring gear yogwirapo kale ntchito, kwa ophwasula magalimoto ku Ndola: K750. Basi ya bambo, atanyamula wakalewo kuti akawerenge mano n'kufananitsa: K120. Ulendo uno anawerenga kawiri.

10 Julayi. Gawo la "poti tatsegula kale". Mawu amenewa ndawamva katatu sabata ino ndipo ulendo uliwonse amatuluka ndi ndalama. Kilatchi, poti tatsegula kale: K1,400. Labala yotchinga mafuta kumbuyo kwa injini, poti tatsegula kale: K180. Mafuta a giyabokosi, poti akale anathira m'beseni langa lochapira: K260. Beseni sindinaliwerengere.

11 Julayi. Makala: K60. Mkombero sumangidwa ndi mabauti. Wakale amaudula ndi tchizulo, watsopano amauotcha kuti ufutukuke, amauveka pa flywheel uli wotentha, ndipo ukazizira umagwira wokha zolimba. Makaniko amafuna kuti flywheel igone mufiriji usiku kuti ifinyike pang'ono. Ndinavomera, ndinatulutsa nsomba, koma magetsi anali atapita. Chaka chino madzi ku Kariba achepa ndi chilala, ndipo firiji yathu theka la tsiku ndi kabati chabe. Choncho ntchito yonse inagwera mbaula zanga ziwiri. Anautembenuza mkomberowo pamoto mosamala ngati chimanga chootcha, ati ukapsa mpaka kufiira mano amafewa, tidzakumananso mwezi wamawa. Unalowa ndi kulira kumodzi, ngwe! Nsima ya masana inachedwa ndi maola awiri.

12 Julayi. Funso la makaniko: "Nanga sitata yakale ija munaitaya?" Inali m'khola la nkhuku, ikutsamiritsa chitseko. Anaimasula pa saka. Timakala tam'kati mwake, mabulashi, tinali titatha. Mabulashi atsopano: K120. Ndiyo ili pa galimoto lero, imalira kamodzi kokha. Bambo atamva mtengowo anapita kukayang'ana ndiwo za kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako ngakhale kulibe chimene tinadzala.

Kumene ndalama zinachokera. Chilimba changa, chosonkherana ndi anzanga a kumsika wa Chisokone, chimene chinali cha malata a khitchini: K2,500. Ngongole ya kaloba: K2,000, yobweza K3,000 pakutha kwa Ogasiti. Chiwongoladzanja: K1,000. Mvula ikayamba mu Novembala tidzaphikira pansi pa ambulera, imene ilipo kale, K0.

Masiku amene galimoto inakhala pa miyala osagwira ntchito: 11. Pa K250 patsiku, K2,750 imene sinalowe. Bambo akuti ndalama imene sunaigwire sungaitaye, ndiye isalembedwe. Ndailemba ndi pensulo. Sabata imeneyo ufa tinagula wa pamela, timapaketi ta tsiku limodzi, nyumba ya munthu wa galimoto.

Kuwonkhetsa.
Zotuluka ndi inki: K8,110.
Zotuluka ndi pensulo: K2,750.
Zonse pamodzi: K10,860.
Zopulumutsidwa, ndi cholembera chofiira: K650. Bambo apempha kuti mzere umenewu usafufutidwe, chifukwa pa 3 Juni unali woona.

Katundu wotsala pakhomo. Batire yakale, yabwinobwino, ikutchaja mafoni a aneba Achibemba aja magetsi akapita, pangongole. Sitata ya m'katoni, yagwira ntchito mwezi umodzi: yalowa m'malo mwa inzake pa chitseko cha khola, ndipo pamenepo ikukwanira bwino. Alamu akuti akudziwa munthu wa Nissan ku Ndeke amene angaigule, poti dzina la galimoto yake lili pa katoni. Ndawauza kuti munthuyo sanatilakwire.

Mkombero wakale, woduka pamodzi, wamagweru pawiri: wapachikidwa pa mtengo wa mango. Apongozi amaumenya ndi supuni poitana ana kudzadya. Ogula zitsulo zakale anati apereka K8. Apongozi akana.

Ngongole yotsala: anyamata a pa kantemba akuti pali K15 ya Lachinayi lina limene anabwera kudzakankha koma galimoto inalira yokha. Nkhaniyi ikadali pa zokambirana.